Abambo akupita ku mishoni ya ku Central African Republic: tikonze chiyani asananyamuke?

Make Dalitso, Kapata

Moni nonse. Abambo a kunyumba ndi msilikali, ndipo dzina lawo latuluka pagulu lopita ku Central African Republic. Akuti ndi chaka chimodzi, ndipo kwatsala milungu 6 kuti alowe m'kampu yokonzekera ulendo. Tili ndi ana atatu, awiri a pasukulu, wina akadali wa kusikelo. Nyumba ndi ya lendi. Kumudzi kwa apongozi, cha ku Chiparamba, kuli munda wa malima 6, ng'ombe zinayi ndi ngolo. Malipiro amalowa ku akaunti yawo ndipo pali loni imene amadula mwezi ndi mwezi. Amene mukudziwa za zinthu izi, tikonze chiyani asanapite, ndipo ine ndiyendetse bwanji ndalama, munda ndi achibale ndikatsala ndekha? Za kupemphera ndi kulimba mtima ndauzidwa kale. Ndikufuna zogwirika.

aZulu, Katete

Make Dalitso, yambani ndi banki, ndipo mupite nonse awiri sabata ino, osati sabata yomaliza pamene abambo adzakhala akungothamanga ndi za kuntchito.

Mabanja ambiri amangosiyirana khadi la ATM ndi PIN n'kumati zatha. Khadi limagwira ntchito mpaka tsiku limene lavuta, ndipo likavuta a banki sangayankhule ndi inu chifukwa akaunti si yanu. Yang'anani lero mwezi ndi chaka cholembedwa pakhadipo: ngati likutha ntchito abambo ali kunja, alisinthiretu. Koma ngakhale latsopano makina amatha kulimeza, mwina mwalakwitsa PIN katatu, mwina latayika pamsika. Zikatero malipiro amalowa bwinobwino mwezi uliwonse, inu n'kumagona ndi njala ndalama zili m'banki.

Njira yolimba ndi yakuti mukhale ndi akaunti yanuyanu, m'dzina lanu, ndipo abambo asaine standing order yoti ndalama yakutiyakuti izichoka kwa iwo kupita kwa inu mwezi uliwonse. Tsiku lake likhale masiku awiri kapena atatu pambuyo pa tsiku la malipiro. Mukaliika tsiku lomwelo, malipiro akachedwa pang'ono standing order imapeza akaunti ilibe kanthu n'kulephera. Ngati abambo avomera, funsaninso zoti dzina lanu liwonjezedwe ngati wosainira pa akaunti yawo. Pa zinthu zina, monga za puloti, galimoto kapena lendi, pakhale kalata ya power of attorney yolembedwa kwa loya, yotchula zimene mwaloledwa kuchita ndi tsiku limene mphamvuyo idzathe.

Chimene anthu amaiwala kwambiri ndi SIM. Manambala achinsinsi a banki amabwera pafoni ya mwini akaunti. SIM ya abambo itsale kunyumba m'kafoni kakang'ono, muziikamo mayunitsi pang'ono ndi kuimbira wina kamodzi pamwezi. SIM ikagona miyezi ingapo imatsekedwa, ndipo kuti ibwezedwe pamafunika mwini wake ndi NRC yake.

Za loni, atenge pepala kwa obwereketsa losonyeza zotsala, zimene amadula ndi mwezi umene idzathe. Muone payslip ndi maso anu, makamaka nambala ya pansi, ya ndalama imene imafikadi m'manja. Bajeti yanu ikhale pa nambala imeneyo basi. Ndalama ya mishoni ili ndi njira yake ndi nthawi yake, musagulire chinthu pangongole poiyembekezera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Kuntchito kwawo kuli fomu ya next of kin, yolembapo wachibale woyamba kudziwitsidwa kukachitika kanthu. Asilikali ambiri anailemba akulowa usilikali asanakwatire, ndipo pamakhala dzina la amayi awo kapena mkulu wawo mpaka lero. Aisinthe, alembetse inu ndi ana onse atatu. Mufotokope setifiketi ya ukwati, ma NRC, mapepala a kubadwa kwa ana ndi khadi la kusikelo, mudinditse kwa Commissioner for Oaths, mpukutu wina usungidwe kwa makolo anu. Asanapite akuonetseni maso ndi maso munthu wa ku barracks amene amaona za mabanja a otsala, mudziwe dzina, udindo ndi nambala yake.

Asilikali a Zambia akhala akutumikira pansi pa MINUSCA, gulu la United Nations losungitsa mtendere ku Central African Republic, kuchokera mu 2015, makamaka ku Birao, kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, kufupi ndi malire a Sudan ndi Chad. Ndi kutali ndi mzinda wa Bangui, netiweki ndi yovuta, ndipo wotchi ya kumeneko imatsalira ndi ola limodzi poyerekeza ndi yathu. Sabata yathunthu osamva mawu awo si chizindikiro cha tsoka. Uthenga woipa, Mulungu atiteteze, umabwera ndi akuluakulu a kuntchito, ndipo sabwera ndi kupempha ndalama. Aliyense woimba kuti abambo avulala kapena atumiza katundu amene wagwidwa pabwalo la ndege, tumizani K2,000 pafoni msanga, ameneyo ndi wakuba. Akuba oterewa amatola nkhani pa Facebook, choncho zithunzi za yunifomu ndi tsiku lonyamuka zisaikidwepo. Tsiku lobwerera nalonso limasuntha. Werengerani miyezi 14, osati 12.

NaPhiri, Msekera

aZulu anena za mapepala, ine ndilowe m'munda, chifukwa ndi kumene ndalama za akazi a asilikali zimathera mosaoneka.

Malima 6 ndi hekitala ndi theka. Kwa munthu wokhala m'tauni ndi mwana wa kusikelo, chimanga chokhachokha pamalo onsewo n'chambiri. Dzalani chimanga malima atatu kapena anayi, otsalawo mtedza kapena soya, zimene sizifuna Urea. Lima imodzi yodzalidwa nthawi yake, yopaliridwa ndi kuthiridwa bwino imatha kupereka matumba 15 a 50kg. Yomweyo ikachedwa ndi kudyedwa ndi udzu imapereka asanu kapena asanu ndi limodzi, chonsecho fetereza mwathira yemweyo.

Pa lima iliyonse ya chimanga: mbewu 5kg, thumba limodzi la D Compound, thumba limodzi la Urea. Gulani mu Ogasiti kapena Seputembala, musadikire Novembala pamene mitengo yakwera ndipo mbewu yabwino yatha m'mashopu. FISP, thandizo la boma la fetereza ndi mbewu zotsika mtengo, musaiwerengere, olandira malipiro a boma sakhala pamndandanda. Mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando, kuya masentimita asanu. D Compound alowe podzala kapena pasanathe milungu iwiri chimanga chitamera, kachivindikiro kamodzi ka botolo pa phesi, pambali pang'ono osati pamizu, n'kukwirira. Urea pamene chimanga chafika m'mawondo, nthaka ili yonyowa, nayenso wokwirira. Womwazidwa pamwamba dzuwa likuswa mtengo amangouluka.

Tsopano zimene zimalakwika. Choyamba ndi ng'ombe. Mvula yodzalira ikagwa, pakati pa Novembala ndi kuchiyambi kwa Disembala, mudzi wonse umafuna ng'ombe zomwezo, ndipo munda wa mwini ng'ombe amene ali kutali ndiwo umalimidwa pomaliza. Abambo anene okha pamaso pa abale kuti munda wanu ndi woyamba, ena pambuyo. Chimanga chodzalidwa Khirisimasi itadutsa chataya kale matumba ambiri.

Chachiwiri ndi fetereza. Musakasiye matumba onse kumudzi. Asungeni ku Kapata pamalo ouma, pamwamba pa matabwa, muzipita ndi okwanira tsiku limenelo, ndipo madzulo muwerenge matumba opanda kanthu. Simungakhale kumunda tsiku lililonse, koma masiku anayi musatume munthu: lodzala, lothira wa pansi, lothira Urea, ndi lotonola ndi kuyeza. Aganyu muzigwirizana nawo pa lima kapena pa mizere, osati pa tsiku, ndipo mulipire mutayenda m'mundamo mpaka kumapeto, chifukwa mizere ya m'mbali mwa njira ndiyo imapaliridwa bwino. Kupalira koyamba kusadutse milungu itatu chimanga chitamera.

Ntchemberezandonda zinalowa m'dziko muno kumapeto kwa 2016 ndipo sizinachokenso. Wina azisuzumira m'mitima ya chimanga kawiri pasabata kuyambira milungu iwiri chitamera. Mukaona masamba obooka ndi zitosi zonga utuchi, poperani m'mawa kwambiri kapena madzulo, kulunjika mumtima mwenimweni. Mbozi zikakula mankhwala sazipha bwino. Camp officer (mlangizi wa zaulimi) wa dera lanu akuuzani mankhwala amene alipo chaka chimenecho.

Pokolola, chotsani kaye chakudya. Munthu mmodzi matumba atatu pachaka, ndiye inu, ana ndi wokuthandizani ndi matumba 15. Onjezani asanu a maliro, aganyu ndi apongozi. Matumba 20 amenewo sagulitsidwa ngakhale mtengo utakoma chotani. Chilala cha 2023/24, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale 2024, chinapweteka kwambiri amene anagulitsa zonse chaka cham'mbuyo mwake. Chimanga chiume ndithu. Thirani mchere wouma m'botolo louma, ikanimo njere zodzaza dzanja, tsekani, khutchumulani. Mchere ukamatirira m'mbali, chikadali chinyontho ndipo chidzachita chuku. A FRA, bungwe la boma logula chimanga, amafuna chinyontho chosapitirira 12.5 peresenti. Mankhwala a ufa a nankafumbwe ndi pafupifupi magalamu 25 mpaka 30 pathumba la 50kg, malinga ndi zolembedwa pabotolo, osakanizidwa bwino ndi fosholo, osati kungowaza pamwamba. Matumba a PICS, osalowa mpweya aja, safuna mankhwala, koma khoswe akaboola pamodzi ntchito yake yatha. Mtedza, kaya MGV4 kaya Chalimbana, usungidwe m'makoko, ndipo aganyu asauwaze madzi kuti usendeke msanga. Chuku chimayambira pamenepo.

Ng'ombe zijambulidwe imodziimodzi, mtundu ndi zizindikiro zake zilembedwe, a mfumu adziwe. Nthawi ya mvula zipoperedwe mankhwala a nkhupakupa sabata iliyonse, chigodola chimapha msanga, makamaka ana a ng'ombe. Ng'ombe ikafa, wina aone chikopa ndi mutu, kapena mutumiziridwe chithunzi tsiku lomwelo.

NaJere, Mtenguleni

Mwanawe, zonse anenazi n'zoona, koma ndisiyane pang'ono ndi aZulu. Kalata ya loya imamveka kubanki. Kumudzi ukaitulutsa pamaso pa apongozi, wayambitsa nkhondo ina kuwonjezera pa imene amuna ako apitako. Kumudzi chimagwira ntchito ndi mawu amene mwana wawo wanena yekha, anthu atakhala pansi.

Choncho pakhale msonkhano asananyamuke: makolo awo, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, mlamu wamkulu, ndi a mfumu kapena nduna yawo chifukwa pali munda ndi ng'ombe. Iwe usayankhule zambiri. Iwo anene ndi pakamwa pawo kuti ndalama za nyumba zili m'manja mwa mkazi wanga, ng'ombe siigulitsidwa ine kulibe, ngolo ikagwira ganyu ndalama yake ipite kwakutikwakuti, amene adzayang'anira khola ndi uje ndipo malipiro ake ndi awa. Wina alembe m'kope, ankhoswe asaine. Ngati amuna ako ndi Angoni ndipo malowolo anaperekedwa, abale awo amaona kuti ana ndi chuma ndi za kwawo, ndiye mlamu amadziika yekha pampando. Kwa Achewa ndi Ansenga mphamvu imapendekera kwa atsibweni. Konseko mankhwala ake ndi amodzi, mwini wake atchule dzina la woyang'anira asanapite.

Ndalama ya apongozi ikhale yodziwika, yofanana mwezi uliwonse, ndipo ngati n'kotheka izichoka ku akaunti ya mwana wawo kupita pafoni yawo, osadutsa m'manja mwako. Ikamadutsa mwa iwe, mwezi umene yachepa ndiwe wadya. Abale amamva kuti wopita ku mishoni amalandira madola, ndipo zopempha zimachuluka mwezi woyamba womwe. Yankho likhale limodzi kwa onse: zimene anandisiyira ndi za ana, zinazo mudikire eni ake. Ukapatsa mmodzi wa fizi ya koleji, wakana ena asanu.

Maliro sapangana tsiku. Mugwirizane muyezo: wachibale wapafupi thumba la chimanga ndi ndalama yakuti, wapatali ndalama yochepa ndi kukaonekera. Nc'wala kumapeto kwa Febuluwale imabweretsa alendo, ndipo ndi mwezi umene ufa uli wodula, uikeko kenakake.

Kope la ndalama usalipeputse. Tsiku, chimene wagula, mtengo. Lendi uzilipira pafoni kapena kubanki kuti pakhale umboni, ndipo eni nyumba adziwitsidwe ndi amuna ako kuti chaka chino azikambirana ndi iwe. Malisiti a ZESCO, a madzi, a fetereza, onse m'chikwama chimodzi. Mabanja ambiri amasokonekera amuna atabwera, osati ali kunja, pamene afunsa kuti ndalama zinapita kuti ndipo abale anawauza kale zawo pafoni. Mwezi uliwonse jambula tsamba la kopelo uwatumizire pa WhatsApp.

Sukulu za boma n'zaulere kuchokera mu Januwale 2022, koma yunifomu, nsapato ndi makope zimabwera nthawi imodzi ndi Urea ndi aganyu opalira. Januwale ndiye mwezi wogwetsa bajeti, uzisungirako kuyambira Seputembala. Chilimba chimodzi kapena village banking imodzi n'zokwanira. Kaloba usayandikire, ngakhale akuti mubweza abambo akabwera.

Za wokhala naye m'nyumba, sankha wekha msanga, mtsikana wa kwanu kapena wa kwawo amene umamvana naye, abale asanakusankhire mlamu wamwamuna woti "azilonda nyumba". Amuna obwera kudzakonza magetsi kapena mpope azibwera masana ana alipo. Anthu a m'komboni amawerenga olowa pakhomo la mkazi wa msilikali.

aTembo, Chipata

Ndikhudze mbali imene anthu sakonda kuimva. Barracks ya kuno ili ndi dzina la Gondar, mzinda wa ku Ethiopia kumene kunamenyedwa nkhondo mu 1941, Chipata ikadali Fort Jameson. Amuna a dera lino akhala akupita kunkhondo za kutali kuyambira kale, ndipo si onse amabwerera. Kukonzekera zimenezo ndi mbali ya ntchito.

Munthu akamwalira osasiya wilo, chuma chimagawidwa motsatira Intestate Succession Act ya 1989: ana 50 peresenti, mkazi 20, makolo a malemu 20, ena amene ankadalira malemu 10. Ana ndi onse, ngakhale obadwa kunja kwa banja. Ngati akazi ndi angapo, amagawana 20 yomweyo, poganizira zaka zimene aliyense wakhala pabanja. Nyumba ndi katundu wa m'nyumba zimakhala za mkazi ndi ana, ndipo mkazi amakhalamo mpaka atamwalira kapena kukwatiwanso. Alamu ndi azilongo alibe gawo, pokhapokha ngati ankaleredwa ndi malemuyo. Kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, ndipo Victim Support Unit ya apolisi imalandira madandaulo otere. Wopanda ndalama ya loya apite ku Legal Aid Board.

Koma Make Dalitso, onani apa: lamuloli silikhudza malo a mafumu. Munda wa ku Chiparamba uli pansi pa mwambo, ndiye msonkhano umene anena a NaJere ndi wofunika kuposa mmene ukuonekera. Pemphani kuti dzina lanu ndi la ana lilembedwe m'buku la a mfumu monga olima mundawo. Ng'ombe nazonso zisiyanitsidwe, zimene abambo anagula ndi malipiro awo ndi zimene ndi za banja lonse, chifukwa chuma cha banja sichilowa pa kugawa kuja. Ngati pa zinayizo pali ya cholowa, inenedwe tsopano.

Ngati ukwati wanu ndi wa mwambo ndipo mulibe pepala lililonse, pitani ku local court ndi ankhoswe mukatenge setifiketi. Popanda iyo mudzayamba ndi kutsimikizira kuti ndinu mkazi wawo, nthawi imene mutu sukugwira. Wilo ndi yosavuta: yolembedwa, yosainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni ziwiri zili pamodzi, nazonso n'kusaina. Mboni zisakhale anthu amene adzalandire kanthu pa wiloyo, choncho inu musasaine ngati mboni. Itchule woyendetsa chuma ndi woyang'anira ana. Kumbukiraninso kuti power of attorney imatha mphamvu mwini wake akamwalira, siilowa m'malo mwa wilo.

Pa za puloti, popeza ambiri amafuna kumanga ndi ndalama ya mishoni: musalipire kanthu musanakafufuze ku khonsolo kapena ku Ministry of Lands kuti malowo ndi a ndani. Ogulitsa puloti limodzi kwa anthu atatu amakonda ogula amene mwamuna ali kutali ndipo akufulumira.

Make Dalitso, Kapata

Zikomo kwambiri nonse, ndakopera m'kope. Za banki ndi msonkhano wa kumudzi avomera. Za wilo akana, akuti kulemba wilo ulendo uli pafupi n'kudziitanira imfa. Pamenepa nditani?

aTembo, Chipata

Musakangane nawo pa zimenezo masiku otsalawa. Lamulo la 1989 limakutetezani kale inu ndi ana pa 70 peresenti, bola mapepala akhale olongosoka. Limbikirani zitatu zimene sizitchula imfa: fomu ya next of kin, setifiketi ya ukwati, ndi mayina a ana onse kuntchito kwawo ndi pa inshuwalansi ya loni ija ngati ilipo. Funsani obwereketsa ngati loniyo ili ndi inshuwalansi yoti ngongole ithe wobwereka akamwalira, yankho likhale papepala. Kenako abambo awalembere ankhoswe mndandanda wa zimene ali nazo, maakaunti, ng'ombe, ngolo, amene ali nawo ngongole ndi amene anawabwereka, n'kusaina ndi kuika tsiku. Za wilo yeniyeniyo apempheni abusa a asilikali kapena mnzawo amene anapitako kale kuti awayankhule, amuna amamva msanga kwa wovala yunifomu mnzawo kusiyana ndi kwa mkazi kapena loya.